Kukhoza pa Pepala ndi Kupambana pa Ndale: Mbiri ya Malire a Nyanja Yathu

Munthu akaima pa gombe la ku Mwenilondo, kumwera kwa boma la Karonga, kunja kutayera bwino, amaona mapiri ataliatali kutsidya kwa nyanja. Mapiri amenewo ali m'dziko la Tanzania, ndipo pa mapu adalembedwa kuti Livingstone Mountains. Pakati pa iye ndi mapiriwo pali madzi amene asodzi athu amapalasamo usiku ndi nyali zawo pofunafuna usipa. Funso lakuti madzi amenewa ndi a yani lakhala likusautsa maboma awiri kwa zaka zoposa 50. Boma la Malawi limati nyanja yonse ya kumpoto kuno, kufikira pa mchenga wa kutsidya, ndi yake. Boma la Tanzania limati malire adadutsa pakati pa madzi.

Tikufuna tiifotokoze mbiri ya nkhani imeneyi mwatsatanetsatane, pakuti ife okhala m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima mpaka ku Mangochi, ndi amene timadya za m'madzimo. Komanso mbiri imeneyi ili ndi phunziro limene ambiri timaliiwala tikapsa mtima. Munthu atha kukhala ndi chilungamo chonse cholembedwa pa pepala, koma n'kulephera kupeza phindu la chilungamocho chifukwa chosadziwa kukhala ndi mnansi wake. Pa nkhani ya nyanjayi, pepala la Malawi ndi lamphamvu ndithu. Chimene chakhala chikuvuta ndi njira yoliyendetsera.

Nyanja isanakhale malire

Kale nyanjayi idali njira. Ankhonde a ku Karonga, amene mfumu yawo yaikulu ndi Kyungu, ndi abale a Anyakyusa a kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ndipo chilankhulo chawo n'chimodzi kungosiyana katchulidwe. Akisi a m'munsi mwa mapiri aja ankaumba miphika n'kumaigulitsa m'magombe osiyanasiyana pa mabwato. Chakumwera, zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkaoloka nyanja ndi minyanga ya njovu komanso akapolo, malonda amene adasiya misozi yambiri m'dziko muno. Aliyense ankadziwa mwini gombe lililonse, koma panalibe yemwe ankaganiza zolemba mzere pamwamba pa madzi.

Zinthu zidasintha Azungu atafika. Kampani ya African Lakes idatsegula sitolo yake ku Karonga m'zaka za m'ma 1880, ndipo kuchokera pamenepo padayambika msewu wa Stevenson wolunjika ku nyanja ya Tanganyika. Kuyambira mu 1887 mpaka 1889 kampaniyi idamenyana ndi Mlozi, yemwe adamanga linga lake ku Mpata. Nkhondo imeneyo idamveka kwambiri ku Scotland, kumene mamishoni ndi eni kampaniyo adaumiriza boma la Britain kuti lisataye dera la kumpoto kwa nyanja. Nthawi yomweyo Ajeremani nawo ankabwera kuchokera ku gombe la nyanja ya mchere, akulunjika komwekuno.

Pangano la 1890

Pa 1 Julaye 1890, ku Berlin, Britain ndi Germany adasainirana pangano logawana madera a mu Africa. Ambiri amalitchula kuti pangano la Heligoland, chifukwa Britain idapereka kwa Germany kachilumba kakang'ono ka dzina limenelo ka ku North Sea, ndipo Germany idavomereza kuti Zanzibar ikhale pansi pa Britain. M'panganomo adalongosola malire a kumwera a dera la Ajeremani. Mzerewo udatsata mtsinje wa Ruvuma kufikira pamene umakumana ndi mtsinje wa Msinje, kenako udalunjika kuzambwe mpaka kukhudza nyanja. Utafika pa nyanjapo sudalowe m'madzi, koma udatembenukira kumpoto n'kutsata gombe la kuvuma, la kumpoto ndi la kuzambwe mpaka pa mathiriro a mtsinje wa Songwe.

Apa ndi pamene pagona mfundo yonse ya Malawi. Ngati malire a dera la Ajeremani adathera pa gombe, ndiye kuti madzi onse adatsalira mbali ya Britain, ndipo dziko la Nyasaland litalandira ufulu lidalowa m'malo mwa Britain. Mawuwo ndi omveka, sasowa womasulira wozama. Koma tikumbukire kuti adalembedwa ndi anthu amene adali kutali kwambiri ndi nyanjayi, ndipo palibe mfumu ya Ankhonde, Anyakyusa kapena Akisi imene idafunsidwa maganizo. Pangano lomwelo lidalinso ndi ndime yolola kuti malire atha kukonzedwa ngati mbali ziwiri zagwirizana poona zosowa za pamalopo, ndi ina yopereka ufulu kwa zombo za mayiko awiriwo kuyenda pa nyanja ndi mitsinje ya m'maderawo.

Zolembedwa ndi zochitika

Chiyambire pomwepo, zolembedwa ndi zochitika sizidayendere limodzi. Mu 1893 Ajeremani adaika sitima yawo yotchedwa Hermann von Wissmann pa nyanjayi, ndipo adamanga boma lawo la Langenburg pa gombe la kumpoto chakuvuma. Sitimayo idayenda pa madzi amenewa zaka zoposa 20 popanda woiletsa. Idaima mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, pamene sitima ya Britain ya Guendolen idaiombera ili pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli. Mwezi wotsatira, mu Sepitembala 1914, asilikali a Ajeremani adaoloka Songwe n'kudzamenya nkhondo ku Karonga, ndipo manda a ena mwa omwe adafa tsikulo alipobe pa boma paja.

Nkhondo itatha, dera la Ajeremani lidasanduka Tanganyika ndipo lidaperekedwa m'manja mwa Britain. Tsono popeza mbali zonse ziwiri za nyanja zidali pansi pa mbendera imodzi, akuluakulu a boma adaleka kusamala za mzerewo. M'zaka za m'ma 1920 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1930, mapu ndi malipoti ena a boma la Britain adasonyeza malire akudutsa pakati pa nyanja, ndipo pambuyo pake adabwereranso ku gombe. Kusasamala kumeneko ndi kumene kudapatsa Tanzania pogwira. Akatswiri a malamulo amanena kuti mapu sangafafanize pangano, ndipo akunena zoona, koma mapu amene mwana waphunzira kusukulu amakhazikika mu mtima mwake kuposa ndime ya pangano imene sadaionepo.

Padachitikanso chinthu china chofunika kuchidziwa. Mu 1954 Britain ndi Portugal adagwirizana kusuntha malire a mbali ya Mozambique kuchoka pa gombe kupita pakati pa nyanja, ndipo zilumba za Likoma ndi Chizumulu zidatsalira Nyasaland. A ku Tanzania amaloza pamenepa n'kumafunsa kuti ngati Mozambique ili ndi gawo lake la madzi, iwo alakwanji. A ku Malawi amayankha kuti chitsanzo chomwecho chikutsimikiza mfundo yawo, chifukwa malirewo adasuntha ndi pangano latsopano losainidwa ndi mbali ziwiri, ndipo pangano lotere la mbali ya Tanganyika kulibe. Mwa malamulo yankho limeneli ndi lokwanira. Koma kwa msodzi wa ku Mbamba Bay kapena ku Matema, yemwe akuuzidwa kuti akangoviika phazi m'madzi walowa dziko la eni, yankholo silimveka.

Pamene Tanganyika idavomera

Ambiri sadziwa kuti atsogoleri oyamba a Tanganyika adavomereza poyera mfundo ya Malawi. Mu Okutobala 1960, nkhaniyi itadzutsidwa m'nyumba ya malamulo ya ku Dar es Salaam, Julius Nyerere, yemwe panthawiyo adali nduna yaikulu, adayankha kuti potsata panganolo madzi a nyanjayi sadali a Tanganyika, ndipo kuti kusintha malirewo kukadafunika kupempha boma la Nyasaland. Mu 1962 nduna yaikulu Rashidi Kawawa adabwereza mfundo yomweyo. Iwo ankayembekeza kuti Nyasaland ikadzalandira ufulu, abale awiri adzakhala pansi n'kukambirana mwamtendere.

Malawi idalandira ufulu pa 6 Julaye 1964. Mwezi womwewo atsogoleri a bungwe la OAU adakumana ku Cairo n'kugwirizana kuti mayiko onse alemekeze malire amene adawapeza pa tsiku lolandira ufulu wawo, ndipo Nyerere adali mmodzi mwa olimbikitsa kwambiri mfundo imeneyi. Choncho m'chaka cha 1964 Malawi idali ndi zonse m'manja: pangano la 1890, mawu a atsogoleri a Tanganyika, ndi mgwirizano wa ku Cairo. Ikadakhala nthawi yabwino yolemberana pangano latsopano lotsimikiza malirewo, lopatsanso anthu a kutsidya ufulu wolembedwa wosodza, kutunga madzi ndi kuyendetsa zombo zawo. Mnansi adali wokonzeka kumva, ndipo mtengo wake ukadakhala wochepa.

Mmene ndale zidaonongera mwayiwo

Mwayi umenewo udatayika m'miyezi yochepa chabe. Mu Sepitembala 1964 kudabuka kusamvana pakati pa Dr Hastings Kamuzu Banda ndi nduna zake. Ena mwa iwo, monga Kanyama Chiume ndi Yatuta Chisiza, yemwe adali mwana wa kuno ku Karonga, adathawira ku Tanzania ndipo adalandiridwa. Dr Banda adayamba kuliona dziko la Tanzania ngati pobisalira adani ake. Nayenso Nyerere adali ndi chifukwa chomukayikira Dr Banda. Likulu la FRELIMO, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, lidali ku Dar es Salaam, ndipo asilikali ake ankamenyana ndi Apwitikizi m'chigawo cha Niassa, m'mphepete mwa nyanja yomweyi. Koma Dr Banda ankagwirizana ndi Apwitikiziwo, ndipo mu 1967 adakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa.

Kwa Tanzania, kuvomereza kuti madzi onse kufikira pa mchenga wake ndi a boma logwirizana ndi adani ake kudasanduka nkhani ya chitetezo. Mu Januwale 1967 boma la Tanzania lidadziwitsa boma la Malawi kuti likuona malire kukhala pakati pa nyanja. Palibe chilembo chimodzi cha pangano la 1890 chimene chidasintha pakati pa 1962 ndi 1967. Chimene chidasintha ndi ubale wa anthu awiri ndi maboma awo. Mu Okutobala chaka chomwecho Yatuta Chisiza adaphedwa atalowa m'dziko muno ndi kagulu ka anthu onyamula zida, ndipo chidani chidakulirakulira.

Kenako mu Sepitembala 1968 Dr Banda adalankhula mawu amene adafoola mlandu wake womwe. Iye adanena kuti malire enieni a Malawi, potsata mbiri ya makolo, amafika mpaka ku madera a Songea, Njombe ndi Mbeya ku Tanzania, ndipo adatchulanso madera ena a Zambia ndi Mozambique. Tiyeni tilingalire bwino apa. Mphamvu yonse ya Malawi pa nkhani ya nyanja idatsamira pa mfundo yakuti malire a atsamunda asakhudzidwe. Munthu amene akuti malire a pamadzi asasunthe chifukwa adalembedwa mu 1890, sangatembenuke n'kunena kuti malire a pamtunda olembedwa m'pangano lomwelo asunthe. Mawuwo adasangalatsa anthu pa msonkhano, koma adapatsa Tanzania chifukwa chokanira kukambirana. Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo uwu udangokwiriridwa osaweruzidwa.

Msewu umene udaphunzitsa kudekha

Chimene chidabweza ubale wa mayiko awiriwa ndi mavuto a kayendedwe ka katundu. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idadula njanji zopita ku madoko a Beira ndi Nacala, kumene katundu wambiri wa Malawi ankadzera. Dziko lopanda doko la nyanja ya mchere lidayenera kufuna khomo lina, ndipo khomolo lidali Dar es Salaam. Msewu wochokera ku Karonga kukafika ku Songwe udakonzedwa n'kulumikizidwa ndi misewu ya Tanzania, ndipo Malawi idapatsidwa malo osungira katundu wake ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Maboma amene ankanyozana mu 1968 adatumizirana akazembe, ndipo nkhani ya nyanja adaiika pambali mwadala.

Aliyense wokhala ku Mwenilondo amadziwa tanthauzo la zimenezi, chifukwa magalimoto onyamula mafuta ochokera ku Dar es Salaam amadutsa pa msewu wa M1 pakhomo pake penipeni. Kwa zaka zambiri panalibe amene adasiya mfundo yake, komabe moyo unkayenda. Sitima ya Tanzania ya MV Songea inkayenda m'magombe a kutsidya, Ilala yathu inkafika ku Mbamba Bay, ndipo asodzi a mbali ziwiri ankakumana pamadzi n'kupatsana moni. Woona ndi diso la malamulo okha akadati Malawi ikulekerera ufulu wake. Woona ndi diso la ndale akadati Malawi yasunga pepala lake m'bokosi, ikudya phindu la mtendere.

Mafuta adzutsa mlandu

Mlandu udadzukanso mu 2011, pamene boma la Bingu wa Mutharika lidapereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum chofufuza mafuta m'chigawo cha kumpoto cha nyanja. Potsata pangano la 1890, boma lidali ndi ufulu wonse wochita zimenezo popanda kupempha munthu. Koma kufufuza mafuta m'madzi amene mnansi akuwalozanso, ndiponso amene anthu ake amamwa ndi kusodzamo, ndi nkhani imene sikadatha kudutsa mwakachetechete. Pakati pa chaka cha 2012 Tanzania idapempha kuti ntchitoyo iime. Edward Lowassa, yemwe ankatsogolera komiti ya chitetezo ndi zakunja m'nyumba ya malamulo ya dzikolo, adalankhula zosonyeza kuti dziko lake lidali lokonzeka ngakhale kumenya nkhondo. Anthu a m'magombe a Karonga adagona ndi mantha masiku amenewo.

Pulezidenti Joyce Banda ndi Pulezidenti Jakaya Kikwete adakumana ku Maputo mu Ogasiti 2012, ndipo Kikwete adatsimikiza kuti nkhondo sikhalapo. Zokambirana zidachitika ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma mu Okutobala Malawi idatulukamo, podandaula za mapu atsopano a Tanzania ndi malipoti akuti asodzi athu akuvutitsidwa pamadzi. Pambuyo pake mbali ziwiri zidagwirizana kupereka nkhaniyi kwa amkhalapakati, omwe adali atsogoleri opuma: Joaquim Chissano wa ku Mozambique, Thabo Mbeki wa ku South Africa ndi Festus Mogae wa ku Botswana. Pa msonkhano wa ku Maputo mu Malichi 2014 mbali iliyonse idaumirira pa mfundo yake ndipo adabalalika opanda mgwirizano. Peter Mutharika, yemwe ndi katswiri wa malamulo a pakati pa mayiko, atalowa m'boma chaka chomwecho adanenetsa kuti umwini wa nyanja si wokambirana. Zaka zidapita, chitsime cha mafuta osakumbidwa m'nyanjamo, malire osatsimikizidwa.

Ambiri mwa ife timafunsa kuti ngati pepala lathu ndi lamphamvu chotere, bwanji osangopita nalo ku khoti la mayiko onse la ICJ ku The Hague. Yankho lake ndi limene likuonetsa poyera kusiyana kwa kukhoza ndi kupambana. Khoti limenelo silizenga mlandu wa dziko limene silidavomere kuzengedwa. Malawi idalengeza mu 1966 kuti ikuvomereza mphamvu za khotilo, koma Tanzania sidapereke chilengezo chotere. Kotero kuti mlanduwu ukafike pamaso pa oweruza, pafunika kuti Tanzania isaine mwa kufuna kwake. Ndiye kuti ngakhale njira ya malamulo imadzera pa khomo la ndale. Munthu amene ukufuna kuti akuperekeze ku bwalo la milandu kumene akudziwa kuti atha kukagonja, sungamukoke ndi chipongwe. Uyenera kumuonetsa kuti ngakhale atagonja, ana ake sadzafa ndi ludzu ali pa gombe.

Zimene ena adachita

Pali zitsanzo ziwiri za mu Africa momwemuno zimene zingatithandize. Choyamba ndi cha kachilumba ka mu mtsinje wa Chobe, kamene Namibia imakatchula Kasikili pamene Botswana imakatchula Sedudu. Mkangano wake udachokera m'pangano lomweli la 1890. Mayiko awiriwo adagwirizana okha mu 1996 kutengera nkhaniyo ku ICJ, ndipo pa 13 Disembala 1999 khoti lidagamula kuti chilumbacho ndi cha Botswana. Koma m'chigamulo chomwecho mudalembedwanso kuti anthu ndi mabwato a mayiko onse awiri azilandiridwa mofanana m'madzi ozungulira chilumbacho, potsata zimene atsogoleri awo adali atagwirizana kale. Namibia idavomera kugonja chifukwa anthu ake sadataye njira yawo ya pamadzi.

Chachiwiri ndi cha Bakassi, dera la asodzi pakati pa Cameroon ndi Nigeria. Pa 10 Okutobala 2002 khoti la ICJ lidapereka deralo kwa Cameroon, potsamira pa pangano la Britain ndi Germany la 1913, ngakhale kuti anthu ambiri okhala kumeneko adali a ku Nigeria. Chigamulo chimenechi chimalimbitsa mtima mbali ya Malawi, chifukwa chidaonetsa kuti oweruza amalemekeza pangano lolembedwa kuposa kukhalitsa pamalo. Koma taonani zimene zidatsatira. Asilikali a Nigeria sadachoke tsiku la chigamulo. Padafunika zaka zinayi za kukambirana, motsogozedwa ndi Kofi Annan, kufikira Olusegun Obasanjo ndi Paul Biya adasainirana pangano la Greentree pa 12 Juni 2006, lomwe lidalonjeza kuteteza ufulu wa anthu a ku Nigeria okhala m'deralo. Cameroon idalandira dera lonse pa 14 Ogasiti 2008. Idakhoza mu 2002, koma idafika pa cholinga chake patapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo idafikapo chifukwa chodekha.

Ngakhale kwathu konkuno chitsanzo chilipo. Mtsinje wa Songwe, umene ndi malire a pamtunda, umasinthasintha njira yake m'chigwa nthawi ya dzinja, mwakuti munda umene udali ku Malawi chaka chino umapezeka uli ku Tanzania chaka chamawa. Palibe ndime ya pangano imene ingaletse madzi osefukira. Maboma awiriwa adazindikira zimenezi ndipo adakhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira chigwa cha mtsinjewu, ndi cholinga chowongolera madzi ake ndi kuwagwiritsa ntchito pa ulimi wothirira ndi magetsi. Ntchitoyo yayenda pang'onopang'ono, koma yasonyeza kuti anthu omwewa amatha kukhala pa mphasa imodzi akafuna.

Phunziro kwa ife

Tisamvedwe molakwa. Sitikunena kuti Malawi itaye pangano la 1890, pakuti dziko laling'ono lilibe chishango china choposa lamulo lolembedwa. Nayonso Tanzania yaphunzira kuti kusindikiza mapu ndi kuika sitima pamadzi sikubala umwini, chifukwa patha zaka zoposa 50 chisinthireni mfundo yake koma palibe pangano kapena chigamulo chimene chaipatsa theka la nyanja. Luso la ndale lopanda chilungamo limafika pamenepo n'kuima. Chimene tikunena n'chakuti chilungamo chopanda luso nachonso chimaima panjira. Mu 1964 mwayi udatayika chifukwa cha chidani, mu 1968 mlandu udafooka chifukwa cha pakamwa, ndipo mu 2011 chilolezo chimene chidali chololedwa ndi lamulo chidabala mantha m'malo mwa chuma.

Tidaonanso mu Epulo 2025 mmene zinthu zimathinira msanga. Malawi italetsa kulowetsa zina mwa zokolola za kunja pofuna kuteteza alimi ake, Tanzania idabwezera poletsa zokolola za ku Malawi, ndipo amalonda ang'onoang'ono a pa Songwe, ambiri mwa iwo amayi, ndi amene adayamba kulira. Nkhaniyo idatha patapita masiku ochepa nduna za mayiko awiriwa zitakambirana. Boma lililonse lidali ndi ufulu wochita zimene lidachita, koma ufuluwo sudagulitse nthochi kapena mpunga wa munthu ndi mmodzi yemwe.

Choncho pempho lathu kwa atsogoleri ndi lakuti asunge pepala lathu mosamala, koma asadikire kuti funso la umwini lithe ndiye ayambe kukonza za tsiku ndi tsiku. Pafunika mgwirizano wolembedwa wonena za msodzi amene mwera wamukankhira kutsidya, za maukonde oletsedwa, za nyengo yotseka usodzi, za kupulumutsana bwato likagubuduzika, ndi za amene adzalipire ngati mafuta atadzatayikira m'madzi. Zonsezi zitha kulembedwa ndi ndime yonena kuti palibe mbali imene yasiya mfundo yake ya malire. Nkhanga zidapangana kusanapse. Usipa sudziwa mzere wa ku Berlin, ndipo ukatha mbali imodzi udzatha mbali zonse.

Phunziro lomweli likutikhudza ifenso m'midzi mwathu. Timakangana za malire a minda, za malo oyanikapo nsomba pa gombe, za chuma cha masiye ndi za maudindo m'makomiti athu. Kawirikawiri mmodzi amakhala ndi kalata ya mfumu kapena ndime ya malamulo a bungwe imene ikumuikira kumbuyo, ndipo amaiwerenga mokweza pamaso pa anthu mpaka mnzake achite manyazi. Amapambana tsiku limenelo, koma mawa lake akusowa womuthandiza kukoka bwato. Wanzeru amasunga kalata yake, amanena chilungamo chake momveka ndi mwaulemu, kenako amafunsa chimene mnzakeyo akuopa kutaya, n'kuona ngati angamutsimikizire chimenecho popanda iye kutaya chake.

Mapiri a kutsidya aja sadzasuntha, ndipo anthu okhala m'munsi mwake adzakhala anansi athu mpaka zidzukulu zathu. Tiyeni tiwaphunzitse ana athu zimene pangano la 1890 limanena, kuti asadzanamizidwe. Tiwaphunzitsenso zimene zidachitika mu 1964, mu 1968 ndi mu 2012, kuti akadzakhala pa mipando adzadziwe kuyendetsa chilungamo chawo mpaka chikafike kwa msodzi wa ku Mwenilondo.